Anamuphunzitsa Ndani?

Khadi loyamba limene ndinasintha pamaso pa anthu linali 7 wa sipedi, wakuda bii. Linali Loweruka masana, pabwalo la nyumba zathu za lendi ku Chawama, pamene ana amaunjikana malaiti akapita cifukwa TV yazima. Ndinagwira paketi ya makhadi ku dzanja lamanzere, nkhope zake zikuyang'ana kumwamba, ndipo ndinauza kamtsikana kena kuti kachule khadi limene kakuona. "Seveni," kanatero. Ndinapititsa cikhatho ca dzanja lamanja pamwamba pake kamodzi cabe, monga mmene timapukutira fumbi pa foni. Pocotsa dzanja, 7 uja kunalibe. Panali mfumukazi ya mitima, yofiira psuu.

Ana awiri anathawa. Otsalawo anakuwa, ena anandigwira dzanja nalitembenuza-tembenuza, wina anasuzumira m'mkono wa shati. Ine ndinaimirira ngati munthu amene wagoletsa pa Heroes Stadium. Miyezi itatu ndinali nditavutikira kamphindi kameneka.

Madzulo ake kunabwera amai a khomo lacitatu kucokera pathu. Sanabwere kwa ine. Anakhala pansi pafupi ndi ambuya, amene anali kukupiza mbaula, anapereka moni wautali, anafunsa za miyendo ya ambuya, anadandaula za mtengo wa malasha. Kenako anatsitsa mau.

"Ambuya, ife tabwera na funso limodzi cabe. Vinthu vamene acita uyu mwana, anamuphunzitsa ndani?"

Amene munakulira mu komboni mudziwa kulemera kwa funso limeneli. Ambuya anga apitirira zaka 70, ndi amasiye, maso ao ndi ofiira ndi utsi wa zaka zambiri, ndipo amalankhula okha akamasankha nyemba. M'nyumba tinali kukhala awiri. Mwana wamng'ono wa amai aja anali atadwala-dwala caka conse. Funso lija linachula ine, koma maso a wofunsayo anali pa ambuya.

Yankho loona linali lalifupi: ndinaphunzira pa foni. Cinali caka ca 2024, madzi atacepa ku Kariba, pamene malaiti anali kupita maola ambiri kuposa amene anali kukhalapo. Ine ndinali nditamaliza Giredi 12, ndilibe nchito, ndilibe ndalama ya koleji. Malaiti akabwera pakati pa usiku ndinali kudzuka kuchaja foni ndi kudaunilodi mavidiyo a pa YouTube, kuti masana ndizionera popanda intaneti. Vidiyo ina inandigwira. Munalibe nkhope ya munthu, munali manja awiri cabe pa nsalu yakuda, ndi mau a Cingelezi ca ku America ofotokoza cinthu cochedwa Erdnase change. Ine ndinayesa Erdnase ndi dzina la kampani. Ndinacepetsa liwiro la vidiyo mpaka 0.25, ndinatsamiritsa kagalasi ka ambuya ku ndowa, ndinayamba. Makhadi anga anali ochipa, a pa kantemba, omatirirana awiri-awiri. M'mwezi wa Juni manja anali ouma ndi mphepo moti cikhatho cinali kungoterereka pa khadi osaligwira. Ndikadzola mafuta makhadi anali kuthimbirira. Ndinaphunzira kupumira mpweya m'cikhatho ndisanayambe, ngati munthu wozizidwa. Tsiku lililonse, mpaka zala kuwawa.

Ndiye bwanji sindinangotuluka n'kunena kuti ndi YouTube? Coyamba, kwa munthu amene akuopa, mau akuti intaneti samuthandiza, amaonjezera mantha. Umboni weniweni unali umodzi, kumuonetsa mmene khadi limayendera. Caciwiri, mavidiyo ambiri amene ndinaonera anali kubwereza lamulo limodzi, lakuti wamasalamusi saulula njira yake. Ndinali nditalimeza lamulo limeneli ndi mtima wonse, osaona ngakhale kuseketsa kwake, kuti munthu wondiuza kusunga cinsinsi anali kuciulula kwa aliyense wokhala ndi bandulo. Usiku umenewo sindinagone. Ndi moto wotsala m'foni ndinayamba kufufuza kuti Erdnase ndani, ndiponso kuti lamulo la kusaulula analiika ndani. Cimene ndinapeza usikuwo, ndi m'miyezi yotsatira, n'cakuti kusintha khadi kunafika m'manja mwanga kudzera mwa anthu amene analiphwanya lamuloli, aliyense ndi cifukwa cake.

Tiyambire pa makhadi enieniwo. Anafika ku Ulaya m'zaka za m'ma 1370, kucokera kwa Amamluk a ku Egypt, amene makhadi ao anali ndi zikho, ndalama, malupanga ndi ndodo zosewerera mpira pa akavalo. Ena mwa makhadi amenewa akusungidwa mpaka lero ku Topkapi, mu Istanbul. Poyamba makhadi anali kupentedwa ndi manja, okwera mtengo. Ca m'ma 1480 opanga makhadi a ku France anapeza njira yacidule: zizindikiro zinai zosavuta, mitima, dayamondi, sipedi ndi kilabu, m'mitundu iwiri cabe, wofiira ndi wakuda, zimene munthu akanatha kudinda mofulumira popaka utoto pa pepala loboola. Anacita zimenezi kuti asunge ndalama. Koma ndi iwo amene anatipatsa cida, cifukwa 7 wakuda akasanduka 8 wakuda munthu amayamba waganiza, pamene cakuda cikasanduka cofiira ngakhale mwana wosadziwa kuwerenga amalumpha.

Woulula woyamba amene ndinakumana naye ndiye amene anandikhalitsa tsonga pa mphasa. Mu 1584 mwamuna wina wa ku Kent, ku England, dzina lake Reginald Scot, anatulutsa buku lochedwa The Discoverie of Witchcraft. Scot sanali wamasalamusi. Anali mwini minda, ndipo buku lake loyamba linali lophunzitsa kulima mbeu yofululira mowa. Cimene cinamupweteka ndi zimene zinali kucitika m'makhoti a kwao. Lamulo la mu 1563 linati wopezeka kuti wapha munthu ndi ufiti anyongedwe, ndipo Scot anaona kuti amene anali kuwakokera kwa oweruza anali a mtundu umodzi: nkhalamba zacikazi, zosauka, zopempha-pempha pa makomo a aneba. Nkhalamba yapempha mkaka, aimana, yacoka ikung'ung'udza. Patapita masiku mwana wadwala kapena ng'ombe yafa. Basi, mlandu wapeza mwini. Ndinawerenga zimenezi ndikumva ambuya akupuma kuseri kwa katani.

Pofuna kuonetsa kuti maso a munthu amanamizika mosavuta, Scot anapita kwa anthu ocita masalamusi m'misika, anaphunzira njira zao, nazilemba m'buku lomwelo: timipira tobisika pansi pa makapu, ndalama yosowa m'manja, mpeni wooneka ngati waboola mkono pamene unapangidwa ndi mpata pakati. Pakati pa zimenezi pali njira yoonetsa munthu maesi anai, kenako n'kuwasandutsa majeki anai. Ndiko kuti kusandutsa khadi pamaso pa munthu kunali kale m'buku la Cingelezi zaka 440 ine ndisanagule paketi yanga pa kantemba. Ndipo Scot anapepesa. Analemba kuti zinamumvetsa cisoni kuulula zinsinsi zimene anthu osauka amadyerapo, pakuti iye sanaone colakwa m'masalamusi ocitidwa poyera kuti anthu aseke. Anaika pa sikelo nsima ya wamasalamusi ndi khosi la nkhalamba, ndipo khosi linalemera.

Musaganize kuti bukulo linathetsa nkhani. Mfumu James ya ku Scotland inalemba buku lake mu 1597, Daemonologie, motsutsa Scot ndi kumuchula dzina, ndipo mu 1603 James yemweyo anakhalanso mfumu ya England. Caka cotsatira lamulo linakhwimitsidwa. Anthu anapitiriza kunyongedwa, ndipo cilango ca imfa pa ufiti cinacotsedwa ndi lamulo la 1735, Scot atafa kalekale. Cimene cinayenda msanga ndi gawo la masalamusi lija. Ena analikopera m'timabuku tophunzitsa, monga Hocus Pocus Junior ka mu 1634, nkhalamba zija atazisiya kunja.

Woulula waciwiri ndiye mwini dzina la pa vidiyo yanga, ndipo iye analibe cifundo ca Scot. Mu 1902 ku Chicago kunatuluka kabuku kochedwa The Expert at the Card Table, mtengo wake madola 2, wolemba wake S. W. Erdnase. Gawo lalikulu la bukuli ndi maphunziro a kuba pa njuga: kusakaniza makhadi mwabodza kuti asasunthe malo, kugawa khadi la pansi anthu akuona ngati la pamwamba, kubisa khadi m'cikhatho. Mulinso gawo la makhadi atatu, omwe aja amene anyamata amaponya pa katoni m'tauni kuti ulozepo lofiira, iwe n'kubwerera kunyumba wapansi. Mabuku ena a nthawiyo anali kunamizira kuti akuulula zimenezi pofuna kucenjeza anthu. Erdnase m'mau ake oyamba sananamizire kulapa. Ananena poyera kuti bukulo likagulidwa colinga cake cakwanira, cifukwa akufuna ndalama. Kunena zoona, pa anthu onse a m'nkhani ino ndi iye amene ndinamumvetsa msanga.

Kumapeto kwa bukuli kuli gawo la masalamusi, ndipo mmenemo muli njira zingapo zosinthira nkhope ya khadi. Yoyamba mwa njirazi ndiyo imene lero timaicha Erdnase change. Cosangalatsa n'cakuti sinali yake. Caka cimodzi m'mbuyo, mu 1901, inali itasindikizidwa kale ku England m'buku la P. T. Selbit, The Magician's Handbook, ndipo kumeneko inapatsidwa dzina la Harry Houdini. Houdini timamudziwa cifukwa ca kumasuka m'maunyolo, koma asanachuke anali kudzicha mfumu ya makhadi. Dzina la Erdnase linakakamira pa njirayi cifukwa iye anaifotokoza bwino, cala ndi cala, ndipo buku lake silinaleke kusindikizidwa.

Nanga Erdnase anali ndani? Lembani dzinalo pa pepala, muliwerenge cobwerera m'mbuyo, mudzapeza E. S. Andrews. Kupitirira apo ndi mkangano umene watha zaka zoposa 100. Bukuli lili ndi zithunzi 101 zojambulidwa ndi M. D. Smith. Mu 1946 wolemba wina, Martin Gardner, anamupeza Smith atakalamba, namufunsa. Smith anakumbukira cipinda cozizira ca hotela ku Chicago, ndi mwamuna wamfupi, waulemu, wa manja osalala, amene anali kumuonetsa makhadi iye akujambula. Gardner anakhulupirira kuti anali Milton Franklin Andrews, wochova njuga amene apolisi anali kumufuna pa milandu ya kupha, ndipo anadziombera mfuti ku San Francisco mu 1905 atamuzinga. Vuto n'lakuti Andrews ameneyu anali wamtali kwambiri. Ena amaloza Wilbur Edgerton Sanders, injiniya wa migodi wa ku Montana, cifukwa zilembo za W. E. Sanders ukazisakaniza zimapanga S. W. Erdnase. Mlanduwu sunagamulidwe. Ine cimene cinandiseketsa n'cakuti zithunzi za Smith ndi za manja okha, opanda nkhope, cimodzimodzi vidiyo imene inandiphunzitsa. Zaka 122 pakati pao, aphunzitsi anga onse awiri anadulidwa pa mkono wa shati.

Kabuku ka madola 2 kaja kanafika m'manja mwa mnyamata wa ku Ottawa, ku Canada, wobadwa mu 1894, amene dziko linadzamudziwa ndi dzina la Dai Vernon. Analiwerenga ali mwana mpaka kulisunga pamtima. Houdini anali kudzitama kuti palibe masalamusi amene angaone katatu osazindikira njira yake. Mu 1922, ku Chicago komweko, Vernon anamupatsa khadi kuti alembepo zilembo za dzina lake, analilowetsa pansi pa khadi la pamwamba, ndipo linapezeka labwerera pamwamba. Houdini anati abwereze. Anabwereza, napitirira katatu kaja, mfumu ya makhadi ikungoyang'ana.

Za Vernon ndimakonda kwambiri nkhani ya 1932, cifukwa imaonetsa mtengo wa cinsinsi m'masiku amenewo. Nthawiyo anali kudya ndi lumo, akudula zithunzi za nkhope za anthu pa pepala lakuda. Wochova njuga wina amene anali m'ndende ku Wichita anamuuza kuti kuli munthu wotha kugawa khadi kucokera pakati pa paketi, cinthu cimene akatswiri anali kunena kuti n'cosatheka. Vernon anasiya zonse. Anayenda m'matauni a ku Missouri akufunsa m'malo a njuga, akunamizira kuti nayenso ndi wakuba pa makhadi, mpaka anamupeza munthuyo, Allen Kennedy, m'katauni kochedwa Pleasant Hill. Anaphunzira njirayo, ndipo kwa zaka zambiri anaionetsa kwa anthu owerengeka. Ine njira yanga ndinaigula ndi bandulo ya usiku umodzi, ndili gone. Vernon anakhala zaka zambiri za ukalamba wake ku Magic Castle, ku Hollywood, akuphunzitsa acinyamata, ndipo anamwalira mu 1992 ali ndi zaka 98. Ciphunzitso cake cacikulu cinali cakuti dzanja locita cinsinsi liyenera kuoneka ngati dzanja limene silikucita kanthu.

Lamulo la kusaulula lija linakhwima m'magulu a amasalamusi, pamene masalamusi anasanduka nchito ya matikiti. Ku London gulu la Magic Circle linayamba mu 1905, ndipo mamembala ake amalonjeza kusunga zinsinsi. Pulezidenti wake woyamba, David Devant, anacotsedwa m'gulu lomwelo cifukwa cosindikiza zinsinsi kuti anthu wamba awerenge. Mu 1997 TV ya ku America inayamba kuonetsa munthu wovala cigoba kumaso akuulula masalamusi akulu-akulu, amasalamusi anakwiya, anthu anaonera. Mu 2005 kunabwera YouTube, ndipo mpanda wonse unagwa. Sindingadandaule, pakuti ndine mwana wa mpanda wakugwawo. Shin Lim nayenso ndi mwana wake: anali kuphunzira piyano, anadziphunzitsa makhadi poonera mavidiyo, matenda a m'mikono atamukakamiza kusankha cimodzi anasankha makhadi, ndipo mu 2015 anapambana mpikisano wa dziko lonse wa FISM, mu 2018 napambana America's Got Talent.

Koma pali zinthu zimene vidiyo siingakuuze. Kamera ili ndi diso limodzi, ndipo imakhala pamene aiika. Siiyenda kuseri kwako, siigwada pansi ngati mwana wa zaka 6. Cina cacikulu, kamera siidziwa kumene vidiyo idzaonedwere. Munthu wa ku Las Vegas wagula tikiti, wagwirizana nawe kale kuti umunamize pang'ono. Khadi likasintha amafunsa kuti wacita bwanji. Pabwalo lathu panalibe amene anagwirizana nane ciliconse, ndipo kwathu kuno cinthu cikasintha popanda cifukwa cooneka ena amafunsa kuti wapereka ndani. Amai aja sindiwaseka. Anthu a ku Kent anali kufunsa funso lomwelo, oweruza ao ndi mfumu yao yomwe. Munthu amene mwana wake akudwala amafuna-funa cifukwa paliponse.

Dziko lathu lili ndi lamulo la ufiti la mu 1914, la nthawi ya Northern Rhodesia, ndipo likugwirabe nchito. Limalanga wochula mnzake mfiti, limalanganso wodzionetsa kuti ali ndi mphamvu za ufiti, moti ine ndi amai aja tonse tinali kuyenda m'mphepete mwake. Mu Disembala 2024 apolisi anagwira amuna awiri mu Lusaka powaganizira kuti afuna kulodza Pulezidenti, ndipo pa zinthu zimene anawapeza nazo panali bilimankhwe wamoyo, katswiri weniweni wa kusintha mtundu. Koma lamulo silipita ku mpopi m'mawa kukatunga madzi. Kumeneko amapita ambuya, ndipo ndikudziwa mmene mzere wa pa mpopi umakhalira anthu akayamba kusuntha zigubu zao kutali ndi cako.

Pa Sondo, anthu atabwera ku chalichi, ndinagogoda pa khomo lacitatu lija. Ndinapempha amaiwo kuti atuluke, ndinaitana ana onse, ndi aliyense amene anali pabwalo. Ndinawauza kuti aime pambali panga, kumene wamasalamusi salola munthu kuima. Ndiyeno ndinacita pa liwiro la 0.25, ndipo popeza ndinawauza iwo, ndikuuzani inunso. Mfumukazi yofiira imakhala kale yaciwiri, pansi pa 7. Dzanja lamanja likaphimba paketi, zala zimakankhira 7 kutsogolo pang'ono, moti mbali ya kumbuyo ya mfumukazi imatsala poyera pansi pa cikhatho. Dzanja likamabwerera m'mbuyo, tsinde la cikhatho limakoka mfumukazi mpaka itatuluka pansi pa 7. Dzanja likapitanso kutsogolo, mfumukazi imakwera pamwamba, ndipo cala ca mkombaphala ca kumanzere cimabwezera 7 m'malo mwake. Palibe cimene casanduka. Makhadi awiri asinthana malo, cikhatho cili ngati citseko.

Amai aja anayang'ana osaphethira. "Bwerezani," anatero. Ndinabwereza. "Manje citani msanga, monga dzulo." Ndinacita msanga, ndipo ngakhale anali atangoona zonse, anadzidzimukabe, nagwira pakamwa. Kenako anatambasula dzanja. Ndinawapatsa paketi, ndinawaikira zala m'malo mwake. Anakankha, anakoka, makhadi anamwazika pabwalo lonse, ana n'kuyamba kuwatola akuseka.

"Kansi ni kuba cabe," anatero.

Ndinavomera kuti munthu amene analemba njirayi m'buku anali kuphunzitsa kuba ndithu. Anapukusa mutu, anatembenukira kwa ambuya, nati, "Ambuya, mutikhululukire. Mudziwa mwana akadwala mutu siugwira." Ambuya anati palibe mlandu, nafunsa ngati mwanayo wadya.

Sikuti zonse zinatha bwino. Pali khomo lina pabwalo lathu limene mpaka lero ana ake saloledwa kufika pathu, ndipo mwini wake sanabwere kudzaona tsiku limenelo. Masalamusi anga naonso anafera pomwepo. Ndikangotulutsa paketi, ana amakuwa, "Ili pansi! Ili pansi!" dzanja lisanasunthe n'komwe. Miyezi itatu ya zala zowawa inathera m'mphindi zisanu. Tsopano ndikuphunzira njira ina, ndipo ndisanayambe ndimanena mokweza kuti izi ndi za manja, aliyense wofuna angaphunzire.

Madzulo a Sondo limenelo ndinakhala pafupi ndi mbaula, ndikusanja makhadi amene ana anatola. Awiri anali atapindika. Ambuya anali pa mphasa ndi lichero la nyemba. Anati iwo za ufiti sizinawadetse nkhawa, cimene akuopa ndi njuga, ndipo tsiku limene adzamva kuti ndaika ndalama pa makhadi adzawaponya pa moto onse 52. Ndinalonjeza. Kenako ndinawafunsa ngati naonso anali kudabwa masiku onsewa.

"Kudabwa ciani? Ine ndimakhala pansi pano. Kucokera sabata yoyamba ndimaliona khadi lako likutuluka kumbuyo kwa dzanja ngati mcira wa khoswe."

"Nanga dzulo bwanji simunawauze, ambuya?"

Anataya kamwala kamene anapeza m'nyemba.

"Akanakhulupirira ine?"